PA GALAJA: Lole ikamavina musanamizire matayala

Eni malole ndi mapikapu mu Mzuzu muno ali ndi chizolowezi chimodzi. Galimoto ikangofika kuchokera ku Japan, kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, sigona sabata isanapite kwa owotcherera. Kumeneko amaiwonjezera masipuling'i awiri kapena atatu mbali iliyonse, ena mpaka kudula chesesi n'kuitalikitsa, cholinga Canter kapena Dyna ya matani awiri izisenza ngati mkulu wake. Matabwa a ku Chikangawa, mpunga wa ku Karonga, tomato wa pa Jenda, zonse zizikwera ulendo umodzi. Sindikuwadzudzula ayi, dizilo si madzi a m'chitsime.

Komatu walira mvula walira matope. Sipapita nthawi, galimoto ija imayamba kuvina. Ikamanyamuka ndi katundu thupi lonse gwedegwede ngati yagwidwa malungo, galasi loonera kumbuyo osaonetsanso kanthu, mpando ukung'ung'uza pansi pa dalaivala. Bwana amathamangira kukabalansitsa matayala, osatheka. Asintha kolosi, patapita miyezi iwiri yadyekanso. Agula ina n'kumanyoza kuti masipeya a masiku ano ndi abodza. Ena mpaka kuganizira mnzawo wa pa siteji kuti wawachita chipongwe. Abale anzanga, mfiti yake ili pansi pa galimoto yanu yomweyo, ndipo munailipira nokha tsiku lomwe munakweza masipuling'i.

Nkhani yagona pa propshaft, chitsulo chachitali chija chotenga mphamvu ku giyabokosi kupita nayo ku difu. Nsonga zake zonse ziwiri zili ndi kolosi, mfundo yomwe imalola shafti kuzungulira itapendekeka. Mfundo imeneyi si ya lero. Robert Hooke wa ku England adaifufuza m'zaka za m'ma 1600 ndipo adapeza khalidwe lake lachilendo: ikapindika siyenda liwiro limodzi. Pa kuzungulira kumodzi, mbali yolandira mphamvu imafulumira kawiri n'kuchedwanso kawiri. Kupindika kukakula, kudumphadumpha kumeneku nakonso kumakula.

Opanga magalimoto amadziwa zimenezi, nchifukwa chake amaika makolosi awiri oti azikonzana. Ya kutsogolo ikafulumizitsa shafti, ya kumbuyo imabweza, mphamvu n'kufika ku difu ili yosalala. Koma mgwirizanowu umatheka pokhapokha makolosi onse apindika mofanana, ndiponso mafoloko ake ayang'anizana mzere umodzi. Tsono inu mukawonjezera masipuling'i, chesesi imakwera, difu imatsalira pansi, mphuno yake n'kuloza kwina. Kolosi imodzi yapindika pang'ono, inzake kwambiri. Mgwirizano uja wathera pomwepo.

A kampani ya Spicer ya ku America, omwe akhala akupanga makolosi kuyambira mu 1904, amapereka malamulo atatu osavuta kusunga pamtima. Kolosi isakhale yowongoka kotheratu, ipindikeko ndi theka la digiri kuti tizitsulo ta m'kati tiziyenda ndi girizi. Kusiyana kwa kolosi ya kutsogolo ndi ya kumbuyo kusapitirire digiri imodzi. Ndipo kuti galimoto isanjenjemere, iliyonse isapitirire madigiri 3. Mukadutsa pamenepo moyo wa kolosi umayamba kufupika.

Mwina mukuti, madigiri tikawaonera kuti ife a pansi pa mtengo? Foni ili m'thumba mwanuyo. Mafoni ambiri amakono amalola kuikamo kapulogalamu koyezera kupendekeka, kofanana ndi levulo ya amisiri omanga nyumba. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, itasenza katundu wonga amene imanyamula masiku onse, chifukwa yopanda kanthu imanama. Yezani malo atatu: kupendekeka kwa giyabokosi, kwa shafti, ndi kwa mphuno ya difu. Kenaka kuchotsera basi, samu ya Sitandade 3.

Tiyerekeze kuti giyabokosi yatsikira kumbuyo ndi madigiri 3, shafti ndi madigiri 6, pomwe mphuno ya difu ili chigonere pa 0. Kolosi ya kutsogolo yapindika 3, ya kumbuyo 6. Gule uja akuchokera pamenepa. Mankhwala ake ndi kachitsulo kosongoka ngati mphero, ka madigiri 3, kolowetsa pakati pa masipuling'i ndi ekiselo mbali zonse ziwiri kuti mphuno ya difu idzuke ilingane ndi giyabokosi. Mukatero yezaninso. Kachitsuloka kakhale kachitsulo ndithu, kobooledwa kuti senta bauti idutsemo, osati thabwa la mlombwa kapena chidutswa cha tayala. Ma U-bolt gulani atsopano, ndipo muwamangenso galimoto ikayendako masiku angapo.

Malole aatali ali ndi shafti ya zidutswa ziwiri, yogwiriridwa pakati ndi senta beyaring'i. Apa nthawi zambiri pamafunika kutsitsa beyaring'iyo pang'ono ndi timapuleti kuti kupindika kugawanike bwino. Ndipo inu odula ndi kulumikiza shafti, chonde mafoloko ayang'anizane. Shafti ikasololedwa pa sipulaini n'kubwezedwa italumpha dzino limodzi lokha, ngakhale madigiri akhale abwino chotani, idzavinabe. Lembani chizindikiro ndi choko musanamasule. Shafti yolumikiza ipite pa makina okaiwongola ndi kuibalansa, diso lokha silikwanira.

Nanga mungadziwe bwanji kuti si matayala? Shafti imazungulira kanayi, kasanu kapena kuposa pamene tayala lazungulira kamodzi, choncho kunjenjemera kwake n'kwa msangamsanga, kong'ung'uza, kochokera pansi pa mpando. Tayala limagwedeza mwapang'onopang'ono ndipo la kutsogolo limamvekera pa chiwongolero. Kukamabwera ponyamuka kapena pokwera mtunda ndi katundu, n'kuchepa mukachotsa phazi pa mafuta, kayezeni madigiri.

Wina anena kuti bola ikuyenda, ndalama ikulowa. Taimani kaye. Kuvina kumeneku kumadya beyaring'i ya difu, kumatayitsa oyilo ku giyabokosi, kumamasula mabauti. Tsiku lina kolosi imathyoka. Ikakhala ya kutsogolo, shafti imagwa n'kuzika mutu mu tara galimoto ili pa liwiro, ndipo imatha kuitembenuza kapena kudula mapaipi a mabuleki. Choopsa china chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti pa ma Canter ndi ma Dyna ambiri handibuleki imagwira kumbuyo kwa giyabokosi, osati ku matayala. Shafti ikaduka, giya sigwira, handibuleki nayonso sigwira. Taganizani zimenezi zikuchitikireni mukutsetsereka pa Chiweta kapena pa mapiri opita ku Nkhata Bay, pamwamba pa matumba pali amayi a geni ndi ana kumsana. Pa chifukwa chomwecho, amakaniko, musamasule shafti musanatsekere matayala ndi miyala, lole ingakupondeni muli pansi pake.

Kwa a Road Traffic pempho langa ndi ili: poyeza galimoto ya COF, yomwe ikuoneka kuti idakwezedwa kapena kutalikitsidwa muziisuzumira pansi, musamangothera pa magetsi ndi hutala. Kwa aphunzitsi a ku Mzuzu Technical College, anyamata anu atuluke akudziwa samu imeneyi, adzadya nayo. Ndipo inu bwana mwini galimoto, mmisiri akakuuzani kuti ntchito yokweza yatha, mufunseni manambala atatu aja. Akayamba kukanda m'mutu, ndalama yotsalayo ibakhalani nayo m'thumba. Safunsa adadya phula.

Sabata yamawa tidzakamba za mabuleki a lole yomwe yasenzetsedwa mopyola muyeso.