Kabuku ka injini kalankhule Chinyanja

Injini ya boti ikafa msanga pa doko la Luangwa, mlandu umagwera msodzi. Amati sasamala, amangodziwa kukoka chingwe basi. Ine ndikuti mlandu wina uli m'katoni imene injiniyo inabweramo. M'menemo mumakhala kabuku ka malangizo kosindikizidwa bwino ndithu, koma m'Chingelezi, ndipo injini ikachokera ku Mozambique kamakhala m'Chipwitikizi. Mwini wake amakatsegula, kuona zithunzi, n'kukasunga m'sutikesi mpaka chiswe chitakapeza.

Tauni ino, imene akuluakulu amaitchabe Feira, ili pamene Luangwa amathira m'Zambezi. Ukawoloka Luangwa wafika ku Zumbo, m'Mozambique, ukawoloka Zambezi wafika ku Kanyemba, m'Zimbabwe. Anthu, nsomba ndi katundu zimayenda pamadzi, choncho injini imodzi imadyetsa banja lonse. Ikawonongeka, chitsulo chimene chikusoweka pano chimakafunidwa ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 300 kudzera pa mlatho wa Luangwa. Masiku onsewo boti limakhala pamtunda, ana akudikira.

Chopweteka n'chakuti zimene zimapha injini n'zazing'ono, ndipo zonse zalembedwa m'kabukumo. Injini zambiri zosakaniza oilo m'petulo zimafuna muyeso wa 50 kwa 1, kutanthauza mamililita 400 a oilo m'chigubu cha malita 20. Ikakhala yatsopano imafuna oilo wochulukirapo pa maola oyambirira, komanso osaithamangitsa. Oilo akachepa, pisitoni imatentha n'kugwira. Akachuluka, pulagi imada, utsi n'kuti tolo. Palinso kamadzi kamene kamatuluka kumbuyo injini ikamalira. Kameneko ndiko kamasonyeza kuti kampira kopopa madzi oziziritsa kakugwira ntchito. M'chilimwe Luangwa akaphwa, boti limakhula mchenga, mchengawo n'kudya kampirako. Kamadzi kakasiya kutuluka, injini iyenera kuzimitsidwa pompo. Wosadziwa amapitiriza ulendo, ndipo pofika pa doko amakhala atawotcha ndalama za nsomba za miyezi yambiri.

Ena amati Chinyanja sichingathe kufotokoza za makina. Mawu amenewo sindigwirizana nawo. Buku Lopatulika lonse linasindikizidwa m'Chinyanja mu 1922, ndiye chinenero chimene chinasenza Levitiko ndi miyeso yake yonse chilephere kunena kuchuluka kwa oilo? Mu 2014 ana a m'chigawo cha Lusaka, momwe muli boma lathuli, anayamba kuphunzira m'Chinyanja kuchokera giredi 1 mpaka 4. Ambiri mwa iwo lero ndi anyamata amene akugwira chiwongolero cha boti, kuyendetsa njinga yamoto kapena kugayitsa pa chigayo. Owerenga alipo, chosowa ndi chowerenga.

Kusindikiza nakonso sikulinso kovuta. Kale munthu ankasanja zilembo zachitsulo chimodzichimodzi, tsamba limodzi n'kumutengera maola. Lero kompyuta ndi makina a fotokope zimatulutsa masamba ambirimbiri tiyi asanazizire. Sitikufuna buku lonse ayi. Tsamba limodzi likwanira: muyeso wa oilo, nthawi yosintha oilo wa m'giya, kayang'anidwe ka pulagi, ndi zizindikiro zoti uzimitse injini. Likutidwe ndi pulasitiki kuti lisanyowe, limangidwe ndi kachingwe pafupi ndi thanki.

Ntchitoyi ifunika anthu awiri kukhala pamodzi, makaniko amene amamasula injinizi tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi wodziwa kulemba bwino. Makaniko apereke mawu amene asodzi amagwiritsa kale ntchito, mphunzitsi awasanje. Asamale chinthu chimodzi: injini iliyonse ikhale ndi tsamba lake, lotengedwa m'kabuku kake komwe. Miyeso imasiyana, ndipo zilipo injini zimene oilo wake sasakaniza m'petulo konse. Tsamba lolakwika lingawononge kuposa kusakhala nalo.

Ndikupempha a nthambi ya za nsomba ndi a khonsolo ya Luangwa kuti ayambe ndi mitundu iwiri kapena itatu ya injini imene yachuluka pa doko. Ogulitsa makina nawonso alipire mapepalawo, popeza mtengo wake sufika ngakhale wa pulagi imodzi. Munthu amene wapereka ndalama zonse za injini wagulanso ufulu womva zimene wopanga ananena za kasamalidwe kake.