Mankhwala a malungo a Coartem: zimene akuluakulu a kampani anasankha

Mankhwala a malungo amene ku Malawi amadziwika kuti LA, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique amatchedwa Coartem, anachokera ku China. Akatswiri ofufuza a bungwe la asilikali a dzikolo ndiwo anaphatikiza artemether ndi lumefantrine. Koma kuti mankhwalawa afike m'zipatala za kumidzi mu Africa, zinadalira kwambiri ziganizo za akuluakulu a kampani ya Ciba-Geigy ya ku Switzerland. Kampaniyi inapangana ndi a ku China mu 1994, ndipo mu 1996 inaphatikizana ndi Sandoz n'kukhala Novartis.

Nkhani yaikulu inali mtengo. Mankhwala amodzimodziwo anapatsidwa mayina awiri: Riamet wogulitsa m'mayiko olemera, ndi Coartem wa m'mayiko momwe malungo ndi ofala. Mu 2001, pa nthawi imene Daniel Vasella ankatsogolera kampaniyi, inasainirana pangano ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO loti igulitse Coartem popanda kupeza phindu kwa zaka khumi. Komabe madola 2.40 pa munthu wamkulu mmodzi unali mtengo wokwera kwambiri poyerekeza ndi chloroquine kapena Fansidar. Maboma ambiri anadikira ndalama za thumba la Global Fund, lomwe linakhazikitsidwa mu 2002. Zambia inasintha ndondomeko yake chaka chomwecho, pamene Malawi inayamba kugwiritsa ntchito LA mu 2007.

Pamene mayiko anayamba kuitanitsa mankhwalawa mochuluka, kampani inapezeka yosakonzeka. Chakumapeto kwa 2004 inalengeza kuti sikwanitsa kupereka mankhwala onse omwe ankafunika. Artemether amachokera ku chitsamba chotchedwa Artemisia annua, ndipo kuchokera pobzala kufikira pakutuluka mapiritsi pamadutsa nthawi yoposa chaka. Alimi sakanabzala popanda wowatsimikizira msika, kampani inkadikira maoda enieni, ndipo maboma ankadikira ndalama. Apa sayansi inalibe vuto. Chimene chinasowa ndi wolimba mtima kuika ndalama msika usanatsimikizike. Pambuyo pake Novartis inathandiza kukulitsa ulimi wa chitsambachi ku Kenya, Tanzania ndi Uganda, ndipo mu 2006 inatsitsa mtengo.

Ana, omwe malungo amawapha kwambiri, ndiwo anadikira nthawi yaitali. Amayi ankachita kuphwanya mapiritsi owawa a akuluakulu mpaka mu 2009, pamene kunabwera mapiritsi otsekemera osungunuka m'madzi, opangidwa mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture. Makanda ang'onoang'ono sanali ndi mankhwala awoawo mpaka mu July 2025, pamene bungwe la Swissmedic linavomereza Coartem Baby. Malawi ndi Mozambique zinali m'gulu la mayiko asanu ndi atatu a mu Africa omwe anatenga nawo mbali pounika mankhwalawo.