Mtedza wabwino ku msika, wachuku m'phala la mwana

Nyengo yokolola ikafika, m'makomo a alimi a mtedza kuyambira ku Kasungu ndi Mchinji, kudutsa Chipata ndi Katete, mpaka ku Angónia, mumachitika ntchito imodzi yofanana. Amayi amakhala pamphasa ndi lichero n'kumasankha. Mtedza wokhwima bwino, wosalala ndi wa maso ofanana umalowa m'thumba la kumsika, poti ogula amakana woipa kapena amaugula pa mtengo wolira. Wonyala, wosweka, wofumbwa ndi wakuda uja umatsala pakhomo. Palibe amautaya, chifukwa ndi chakudya ndipo udalimidwa ndi thukuta. Posakhalitsa umasinjidwa n'kukhala nsinjiro zotendera nkhwani kapena zothira m'phala la mwana yemwe wangoyamba kumene kudya.

Kwa dokotala, mulu wotsalawu ndi umene uli wodetsa nkhawa. M'menemo ndimo mumadzaza chiphe chotchedwa afulatokisini, chomwe chimapangidwa ndi mtundu wina wa chuku umene akatswiri amautcha Aspergillus flavus. Chukuchi chimakhala m'dothi la m'minda ya madera otentha ndipo chimakonda mtedza ndi chimanga. Chiphe chake sichioneka ndi maso, sichinunkha, ndipo nthawi zina chimapezeka ngakhale mu mtedza wooneka bwino. Komabe chochuluka chimaunjikana mu njere zochepa zowonongeka zija. Kotero mlimi akasankha mtedza n'kusunga woipawo, amakhala kuti wachotsa chiphe m'thumba la wogula n'kuchisonkhanitsira m'mbale ya banja lake.

Moto suthandiza kwenikweni. Kukazinga, kuwiritsa kapena kuphika nsima kumapha chukucho, koma chiphe chomwe chidapangidwa kale chimatsalabe chambiri.

Dziko lidachidziwa chiphechi mu 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Kuyambira apo mayiko ogula mbewu adakhwimitsa malamulo. Mayiko a mu European Union salola mtedza wodya anthu ukapyola magawo 4 pa magawo 1 biliyoni alionse. Kunena kwina, galamu imodzi yokha ya chiphechi itamwazika m'matumba 5,000 a makilogalamu 50, mtedza wonsewo ungakhale utafika pamalire. Wodya mtedza ku Amsterdam amatetezedwa ndi makina opimira padoko. Mwana wa amene adaulima alibe makina otere, chitetezo chake ndi maso a amayi ake pa lichero paja.

Zomwe dokotala amaona

Chiphechi chimafika kuchipatala m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yadzidzidzi. Munthu akadya chochuluka m'masiku owerengeka, amayamba kusanza ndi kumva kupweteka m'mimba, kenako maso amasanduka achikasu, miyendo ndi mimba zimatupa, ndipo chiwindi chimaleka kugwira ntchito. Mu 2004, kuchigawo cha kum'mawa ndi chapakati m'dziko la Kenya, makamaka m'maboma a Makueni ndi Kitui, anthu 317 adadwala motere ndipo 125 adamwalira. Chimanga chomwe chidawapha chinali chawo chomwe: chidakula m'chilala, mvula idagwa pokolola, ndipo ambiri adachisunga m'nyumba chisanaume. Mu 2016 zofananazo zidachitika m'zigawo za Dodoma ndi Manyara ku Tanzania, komwe anthu 20 adataya miyoyo. Ku Zambia, mu Ogasiti 2024, chaka cha chilala chachikulu, nduna ya zaumoyo Elijah Muchima idalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya chopangidwa ndi chimanga chachiphe, ndipo chiphe chomwecho chidapezekanso mu ufa wa m'zigayo zina zogulitsa kwa anthu.

Palibe jakisoni kapena piritsi lochotsera afulatokisini m'thupi. Chomwe dokotala amachita n'kumuletsa wodwala chakudya chomwe chamudwalitsa, kumupatsa madzi a m'mitsempha, kuyang'anira shuga wa m'magazi ndi kudikira kuti aone ngati chiwindi chingadzikonze chokha.

Njira yachiwiri ndiyo imakhudza anthu ochuluka, ndipo siimveka pawailesi chifukwa imayenda mwakachetechete. Munthu amadya pang'onopang'ono, lero m'chiponde, mawa m'nsima, kwa zaka makumi awiri kapena atatu, osamva kanthu. Chiphecho chikafika m'chiwindi chimasandulika n'kumawononga malangizo a m'kati mwa maselo, amene amauza selo nthawi yokula ndi nthawi yoleka. Mapeto ake ndi khansa ya chiwindi. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yoona za khansa, lidaika afulatokisini m'gulu loyamba, la zinthu zomwe n'zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2010 adayerekeza kuti mwa anthu 100 alionse odwala khansa ya chiwindi padziko lapansi, pakati pa 5 ndi 28 matenda awo amakhudzana ndi chiphechi. Ndipo nkhaniyi si yachilendo m'chigawo chino cha Africa. Kale m'zaka za m'ma 1970, ofufuza ku Inhambane m'dziko la Mozambique adaona kuti madera omwe chakudya chinali ndi chiphe chochuluka ndi omwenso khansa ya chiwindi inali yofala.

Wodwala wotere kawirikawiri amakhala bambo wazaka za m'ma 30 kapena 40, msinkhu umene banja limamudalira pa khasu. Amabwera ataonda, mimba itatupa, akudandaula za chinthu cholimba kumanja pansi pa nthiti. Ambiri amakhala atayamba apita kwa asing'anga, pokhulupirira kuti adadyetsedwa. Kudyako adadyadi, koma palibe mdani yemwe adamuthirira. Pofika tsiku lomwe dokotala akumugwira pamimba, khansayo imakhala itafalikira, ndipo chotsala n'kumuchepetsera ululu.

Pali china chomwe alangizi a zaumoyo ayenera kuchigwiritsitsa. Chiphechi chimaopsa koposa chikakumana ndi kachilombo ka hepatitis B, komwe nakonso kamadya chiwindi, ndipo anthu ambiri amakatenga ali aang'ono osadziwa. Munthu yemwe ali ndi kachilomboka n'kumadyanso afulatokisini, chiopsezo chake cha khansa chimakula mwina ka 30 kuyerekeza ndi yemwe akudya chiphecho koma alibe kachilombo. Mwayi wake ndi wakuti kachilomboka kali ndi katemera. Ali m'kati mwa jakisoni woteteza matenda asanu amene mwana amalandira akakwana masabata 6, 10 ndi 14, ndipo m'Malawi adayamba kuperekedwa mu 2002. Mayi amene wamaliza maulendo atatuwa ku sikelo amakhala atatseka khomo limodzi mwa makomo awiri. Akuluakulu omwe adabadwa katemerayu asanabwere angathe kupempha kuyezedwa magazi. Opezeka ndi kachilomboka amawunikidwa chiwindi, ndipo ofunika chithandizo amapatsidwa tenofovir, mankhwala omwe aliponso m'ma ARV.

Kwa ana, chiphechi chimawapeza msanga. Chimadutsa m'mkaka wa m'mawere, ngakhale mochepa, ndipo chimachuluka mwana akayamba phala. Kafukufuku wa ku Benin ndi Togo wofalitsidwa mu 2002 adapeza kuti ana opinimbira anali ndi afulatokisini wochuluka m'magazi kuposa anzawo okula bwino. Kupinimbira kuli ndi magwero ambiri, monga kuperewera kwa chakudya, kutsekula m'mimba ndi malungo, choncho chiphechi sichingasenzetsedwe mlandu wonse. Koma kuyamwitsa sikuyenera kulekedwa kaamba ka mantha amenewa. M'kafukufuku yemweyo, ana omwe ankayamwabe ndiwo anali ndi chiphe chochepa.

Mankhwala ali kumunda ndi pabwalo

Chuku chimalowa mu mtedza usanakumbidwe n'komwe. Kukachita ng'amba m'masabata otsiriza mtedza usanakhwime, dothi limatentha, mbewu imafooka, makoko amang'ambika, chiswe chimaboola, ndipo chuku chimapeza polowera. N'chifukwa chake kudzala ndi mvula yoyamba, kutseka mizere kuti madzi azikhazikika ndi kuthira manyowa sikungochulukitsa zokolola kokha. Kumathandizanso kuti mtedza ukhwime mvula isanathe. Mlimi aswe makoko angapo n'kuona m'kati. Ambiri akaderako, nthawi yokumba yakwana, ndipo kuuchedwetsa m'dothi n'kuupereka ku chuku.

Pa kaumitsidwe, pali nkhani yomwe alangizi ena sadaimve. Kwa zaka zingapo mabungwe ankaphunzitsa alimi kuunjika mtedza ndi masangwi ake m'milu yozungulira yotchedwa Mandela cock. Kafukufuku wochitika m'minda ya alimi m'Malawi, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti mtedza wa m'milu imeneyi unali ndi chiphe chochuluka kuposa wongoutembenuza pamzere, masangwi pansi, mtedza kuyang'ana kudzuwa. Mulu umasunga chinyezi m'kati. Njira yophwekayo ndiyo idapambana, ndipo mabuku a maphunziro a alimi omwe akadali ndi chithunzi cha mulu uja akufunika kuwaonanso.

Choipitsitsa pa zonse ndi chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti thumba lilemere pa sikelo ya venda. Mtedza umene udauma bwino kwa masabata umanyowetsedwanso, n'kutsekeredwa m'thumba muli kutentha. Chuku sichifuna china choposa apa. Zala zimapwetekadi poswa mtedza wouma, ndipo ntchitoyi imagwera amayi ndi ana, choncho kungowaletsa osawapezera njira ina sikungaphule kanthu. Makalabu a alimi omwe asonkha ndalama n'kugula kamakina koswera ndi manja amathetsa vutoli mosavuta. Mtedza wodya pakhomo ndi bwino uzisungidwa m'makoko ake, n'kumaswa wongokwanira masiku ochepa.

Chimanga nacho chisagone padothi. Chiumitsidwe pathandala, pamphasa kapena palona, ndipo chisalowe m'thumba chinyezi chake chisanatsike kufika pa 13 peresenti. Wopanda makina opimira angagwiritse ntchito botolo lagalasi louma bwino: athiremo chimanga chotong'ola ndi mchere wouma, atseke, akhutchumule, adikire kanthawi. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, chimangacho sichinaume. Matumba osalowa mpweya monga a PICS amateteza ku anankafumbwe popanda mankhwala, koma amafuna mbewu youma kale. Matumba asanjikidwe pamitengo, asagunde khoma kapena pansi. Komwe akupezeka, palinso Aflasafe, yemwe adakonzedwa ndi bungwe la IITA mogwirizana ndi anzake. Ndi njere za mapira zopakidwa utoto wobiriwira ngati mtambo, zonyamula chuku cha mtundu womwewo koma chosapanga chiphe. Mlimi amawaza makilogalamu 10 pa hekitala masabata awiri kapena atatu mbewu isanachite maluwa, ndipo chuku chabwinocho chimalanda malo a choipacho.

Kukonola ndi kuviika mphale kumachepetsa chiphe, chifukwa chambiri chimakhala m'khungu la chimanga ndipo chimapita ndi madeya. Apa pali kukokanakokana, poti a zakadyedwe amalimbikitsa mgaiwa kaamba ka michere yake. Onse akunena zoona. Chimanga chouma bwino ndi chosankhidwa chigayitsidwe mgaiwa. Chokayikitsa chisankhidwe, chitsukidwe, zoyandama zitayidwe, kenako chikonoledwe, ndipo madeya ake asadyedwe.

Nanga zosankhulidwa zija zipite kuti? Yankho la dokotala ndi lakuti zikwiriridwe kapena zitenthedwe. Kupatsa nkhuku kumazidwalitsa ndi kuchepetsa mazira. Kupatsa ng'ombe ya mkaka kumabweza chiphecho m'kapu ya mwana. Kufululira mowa kapena thobwa sikuchichotsa. Yankholi ndi losavuta kulinena mu ofesi, koma ndi lolemera kulinena pakhomo pomwe nkhokwe yatha mu Disembala. Mlangizi amene angofika n'kulamula kuti chakudya chitayidwe, anthu adzamuvomera ndi pakamwa pokha. Chotheka, ngakhale kwa banja losauka, n'kusintha ndondomeko ya kasankhidwe: mtedza wa phala la mwana ndi wa mayi woyembekezera uziyamba kupatulidwa kuchokera pa wabwino uja, thumba la kumsika lisanasokedwe. Ndowa imodzi kapena ziwiri sizingagwetse malonda a banja. Ndipo phala lisakhale la chimanga ndi nsinjiro tsiku ndi tsiku. Mbatata yofiira m'kati, maungu, nthochi, nyemba, soya ndi mawere zikamalowa m'malo masiku ena, chiphe cholowa m'thupi chimachepa. Mtedza wosankhidwa bwino ukadali chakudya chabwino kwambiri kwa mwana, ndipo palibe dokotala amene akuuletsa.

Alangizi a m'midzi akhale tcheru makamaka m'zaka za chilala, ngakhalenso pamene mvula yagwa mbewu zili pouma. Anthu awiri kapena atatu a nyumba imodzi akachita chikasu nthawi imodzi, kapena agalu ndi nkhuku zodya zotsala za pakhomopo zikayamba kufa, odwalawo apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo banja lileke kudya za m'thumba limenelo. Popita atengeko ufa kapena mtedza wodzaza kapu m'pepala louma, auze dokotala komwe udachokera ndi makomo ena omwe adagawana nawo, kuti a zaumoyo a paboma akaupimitse ndi kuchenjeza enawo.