Msana ukamapweteka usiku, tisamanamizire khasu

Abale anga a m'mudzi muno, ndi inu muli m'tauni, lero sindilemba za mtengo wa feteleza. Dzulo ndinapita kukazonda mnzathu wina, dzina sinditchula. Miyendo yachita dzanzi, akuyenda chogwira khoma. Kuchipatala anamupatsa kalata yopita ku Queens koma akukana. Akuti, "Akangokung'amba msana, basi sudzayendanso." Mawu amenewa anatsala pang'ono kundilumalitsa ine, ndiye ndati ndinene poyera.

Mukukumbuka mmene zinandiyambira. Msana unayamba nthawi yobandira, ine n'kumati ndi khasu. Komatu msana wa khasu umaleka ukapuma. Wanga umakula usiku ndili chigonere, thupi n'kumatha. Ndinamwa panado miyezi 5. Ena anati anditchera pamalire a munda, ndinatemedwa mphini msana wonse, mbuzi 2 zinapita. Ndinasiya kupereka moni kwa achimwene oyandikana nawo munda, anthu osalakwa. Ndinakawapepesa, koma mpaka pano ndimachita manyazi.

Tsiku limene mkodzo unayamba kutuluka wokha, mayi a kunyumba sanandifunsenso maganizo. Anangoitana wa kabaza.

Ku Blantyre anandilowetsa m'makina ojambula aja amati MRI. Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 6, koma adokotala anandifotokozera mpaka ndinamva. M'kati mwa mafupa a msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Chotupa chikamera pamenepo chimaupana ngati mwala pa paipi ya madzi, ndiye miyendo imafooka. Ukapanidwa nthawi yaitali umafa, ndipo ngakhale achotse chotupacho subwereranso. Wofika akuyendabe amakhala ndi mwayi waukulu wotuluka akuyenda. Mwamva? Chimene chimalumalitsa ambiri ndi kuchedwa kwathu, ife n'kumanena mpeni wa adokotala.

Sindikunamizani kuti opareshoni ndi masewera. Adokotala eni ake anandiuza kuti zikhoza kuvuta, ndinasaina dzanja likunjenjemera. Ndinadzuka ndili ndi paipi ya mkodzo, zitsulo zili mumsana. Mayi a kunyumba monga gadiyani amagona pansi, n'kumanditembenuza maola 2 aliwonse kuopa zilonda za pabedi. Bedi loyandikana ndi langa panali bambo wina amene anabwera miyendo itafa kalekale. Anamuchita opareshoni, ululu unachepa, koma anatuluka pa njinga ya olumala. Ine ndi iye timasiyana masabata chabe.

Kachidutswa ka chotupacho atakayeza, anapeza kuti ndi khansa. Mpaka lero ndimapitabe kukaonedwa ndi kulandira mankhwala. Sindinganene kuti matenda anatheratu, ayi. Koma ndimapita ndekha kuchimbudzi, ndimakhala pa khonde n'kumasenda nandolo. Amene sanagonepo miyezi sangamvetse kukoma kwa zimenezi.

Tsopano pali mbali yathu ife a kumudzi. Adokotala ntchito yawo imatha pa maola angapo, yotsala ndi ya pakhomo. A mafizo anandiphunzitsa kugwedeza zala za kumapazi, kenako kukhala tsonga, kenako kuimirira. Kuchoka pa bedi kufika pa mtengo wa mango zinanditengera miyezi 3. Anandiletsa kunyamula zolemera ndi kuwerama. Kunyonyomala kunali kosatheka, mpaka mphwanga anaboola mpando wa thabwa n'kuuika pa dzenje la chimbudzi. Amvano anabwera kudzapanga mizere m'munda mwanga, chaka chimenecho sitinagone ndi njala. Zoonadi, mutu umodzi susenza denga.

Koma enanu mumabwera kudzangosuzumira, potuluka n'kumanong'ona kuti "awa Khirisimasi sakafika." Ndimamva ndithu, makutu sanachitidwe opareshoni. Ngati mulibe chonena, tungani ndowa ya madzi mupatse gadiyani, nayenso amatopa.

Inu a m'tauni, musakwiye, ndinu ana athu. Ndalama ya bokosi mumaisonkha tsiku limodzi pa WhatsApp. Nanga ya thiransipoti munthu akadali moyo imavutiranji? Ku chipatala cha boma opareshoni sindinalipire. Chimene chimatigwetsa ndi minibasi, chakudya cha gadiyani, ndi maulendo obwerera kukaonedwa. Tumizani ya Mpamba lero, nkhata za maluwa tilibe nazo ntchito.

Si msana uliwonse umene uli khansa, nthawi zina amapeza TB ya m'mafupa imene imachizika ndi mankhwala. Koma ukamapweteka usiku osaleka, miyendo dzanzi, mkodzo kapena chimbudzi osagwirika, musadikire kukolola. Pitani tsiku lomwelo, ndipo zonsezi mukazinene kwa adokotala osabisa.

Achimwene amene ndinakuzondani dzulo, ndikudziwa ana akuwerengerani izi. Kalata ija musaipinde. Lolemba m'mawa ndibwera ndi ndodo yangayi, ndikuperekezani mpaka pa siteji.