Mwana wa Sitandade 7 tisamutseke pakamwa

Lamulungu lililonse ana amaimirira kutsogolo m'matchalitchi athu n'kulakatula mavesi amene aloweza, makolo n'kumaomba m'manja, amayi kululutira. Kwa mwana wa Sitandade 2 zimenezo n'zokwanira. Nkhawa yanga ili pa ana a Sitandade 5 mpaka 8, amene tikuwaphunzitsabe Baibulo ngati kuti nzeru zawo zinaima ali aang'ono.

Mwana wa zaka 11 kapena 13 maso ake atseguka. Amadziwa kuti bambo ake amakondera ana a kwa mayi wamng'ono. Anaona achibale akugawana mbuzi ndi malata a kwa mnzake maliro asanaikidwe n'komwe. Mumtima mwake muli mafunso, ndipo Baibulo ladzaza ndi nkhani zokhudza mafunso omwewo.

Tengani nkhani ya Yosefe, pa Genesis 37 mpaka 50. Ana aamuna 12, bambo mmodzi, amayi anayi, ndipo mmodzi yekha ndiye wosokeredwa mkanjo wapadera. Tikangouza mwana kuti aloweze zoti Yosefe anali ndi zaka 17 ndipo anagulitsidwa ndi ndalama zasiliva 20, tamupatsa yankho la mayeso basi. Koma mufunseni kuti, kodi Yakobo sanalakwe pokondera? Ukanakhala Rubeni ukanatani? Mudzadabwa kuona ngakhale aja amakhala duu kumbuyo akukweza manja. N'chimodzimodzi nkhani ya munda wa Naboti pa 1 Mafumu 21. Mwana amene agogo ake analandidwa dimba safuna womumasulira kuti Ahabu ndi Yezebeli anachita chiyani.

Aphunzitsi sindikuwanena. Kuyambira 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi ambiri ndi odzaza mpaka pakhomo. Mayeso a MANEB a Sitandade 8 amafuna mayankho achidule, ndipo phunziro la Bible Knowledge pa msinkhu umenewu limaphunzitsidwa m'Chingerezi, chimene ana ambiri akumudzi akadali kulimbana nacho. Mphunzitsi wofuna kuti ana akhoze amangolembetsa manotsi.

Ndiye mpata weniweni uli ku Sande Sukulu, ku makalasi a kutchalitchi ndi ku Tilitonse, kumene kulibe belu la mayeso. Tsoka ilo, kumeneko nakonso Baibulo limakhala limodzi, m'manja mwa mphunzitsi. Mpingo umene umatha kusonkherana ndalama zogulira zokuzira mawu ungalephere kugula Mabaibulo khumi oti ana azigwira okha? Buku Lopatulika, limene William Murray ndi anzake anamasulira zaka zoposa 100 zapitazo, lili ndi Chinyanja chokoma koma cholemera kwa mwana wa lero. Buku Loyera la 1998, limene Akatolika ndi mipingo ina anamasulira pamodzi, mwana amatha kuwerenga chaputala chathunthu n'kumva yekha. Awerenge nkhani yonse, osati vesi imodzi yodulidwa mutu ndi mchira.

Akuluakulu ena amaopa kuti mwana wofunsafunsa adzakhala wamwano. Koma pa Luka 2, Yesu ali ndi zaka 12 anapezeka m'Kachisi pakati pa aphunzitsi, akumvetsera ndi kufunsa, ndipo palibe amene anamuthamangitsa. Makolo athunso anati safunsa anadya phula. Funso likakukulirani, palibe manyazi kuuza mwana kuti mukafunsa abusa kapena bambo mfumu, yankho mubwera nalo sabata yamawa.

Akamaliza Sitandade 8, ena apita kusekondale yogonera komweko, ena akayamba geni kumsika. Konseko akakumana ndi alaliki ogulitsa madzi ndi mafuta odzozera, aliyense ndi vesi yake pakamwa. Mwana amene anangoloweza adzavomera chilichonse chomveka ngati Malemba. Amene anazolowera kutsegula buku yekha adzayamba wafunsa kuti zalembedwa pati, awerenge ndi mavesi oyandikana nawo, kenako aone ngati m'pofunika kutulutsa ndalama m'thumba.