Mawu a Mkonzi: Tidziwe Mbozi Tisanagule Mankhwala

Mlimi wa dimba ku Kafue akalawira m'mawa n'kupeza tomato amene anawokera dzana ali gone, atadulidwa patsinde ngati ndi lumo, amati mbozi zamuthera. Mnzake wa ku Katete akaona masamba a chimanga atabooka amanenanso chimodzimodzi. Onse awiri amathamangira kusitolo kukagula botolo lofanana, chonsecho adani awo ndi osiyana.

Akatswiri amaika mbozi ziwirizi m'banja limodzi la agulugufe a usiku lotchedwa Noctuidae, koma mafuko ndi awiri. Yodula mbande ija ndi ya fuko la Agrotis. Usana wonse imabisala m'dothi, pafupi ndi mbewu imene yagwetsa, ndipo imatuluka kukada. Mukafukula pang'ono ndi chala muipeza, yotuwa, ndipo mukaikhudza imadzipinda. Wopopera masamba dzuwa lili paliwombo amangotaya ndalama, mwini mlandu ali phee pansi. Chimene chimathandiza ndi kulambula munda masabata angapo musanabzale, popeza gulugufe wake amaikira mazira paudzu, ndiponso kupopera patsinde madzulo.

Inayo, yoboola masamba a chimanga ija, ndi mlendo. Dzina lake ndi Spodoptera frugiperda, kwawo ndi ku America. Inaoneka ku West Africa kumayambiriro kwa 2016, ndipo chakacho chisanathe inali italowa m'minda ya Zambia, mpaka Pulezidenti wa nthawiyo, Edgar Lungu, analamula ndege za asilikali kuti zinyamule mankhwala. Iyo imakhala m'kati mwa nsonga ya chimanga, imasiya ndowe zonga utuchi, pamutu ili ndi chizindikiro cha Y yozondoka, ndipo kumchira kuli madontho anayi.

Zimenezi akatswiri a bungwe lofufuza zaulimi la ZARI ku Mount Makulu, ku Chilanga pa msewu wa ku Kafue womwewo, amazidziwa bwino. A ku Msekera kuno ku Chipata nawonso amazidziwa. Chotidandaulitsa n'chakuti nzeruzi zimathera m'mabuku a Chingerezi, pamene mayi wa dimba amaphunzitsidwa ndi wogulitsa mankhwala, munthu amene phindu lake lili m'botolo.

Tikupempha Unduna wa Zaulimi kuti mvula isanagwe usindikize zithunzi za mbozi ziwirizi ndi mawu a Chinyanja, alangizi apite nazo m'midzi ndi m'madimba. Inunso alimi, musanatulutse kwacha, fukulani patsinde, tolani mboziyo m'kabotolo, mukaonetse alangizi.