Injini ya boti ikangokonzedwa, iyeseni kaye


Ndili ndi boti la injini ya dizilo. Amakanika angoikamo mapisitoni ndi maring'i atsopano, ndipo akuti ndiyambe ndaiyesa kaye. Koma ine ngongole yandifika m'khosi, ndikufuna mawa lomwe ndiyambe kunyamula anthu. Pagombe ikulira bwinobwino. Kodi pamenepa vuto lilipo?
Wankhawa, Nkhata Bay

Bambo inu, amakanikawo akunena zoona. Injini ikamalira pagombe isanalowe giya siikoka kanthu, ndiye ngakhale yodwala imamveka ngati yabwino. Mphamvu zake zimadziwika pamadzi, pulopela ikukankha boti.

Maring'i atsopano amafuna nthawi kuti agwirane bwino ndi makoma a silinda. Mukamangoisiya ikulira chapansipansi kwa maola ambiri, makomawo amaterera ngati galasi, ndipo injiniyo izidzangodya oyilo. Mukaikakamizanso tsiku loyamba, itentha. Choncho itenthetseni kwa mphindi zochepa, kenaka yendani kufupi ndi gombe, mukusinthasintha liwiro ndi kuonjeza pang'onopang'ono. A Yanmar amati maola 50 oyamba ndi ofunika kusamala, ndipo akakwana musinthe oyilo ndi fyuluta. Ngati yanu ndi ya mtundu wina, onani buku lake.

Gulani kope. Kuchipatala, munthu akachoka ku opareshoni timamuyeza pafupipafupi n'kumalemba, chifukwa vuto limayamba kuonekera pamanambala. Inunso pa liwiro lililonse lembani rpm, kutentha kwa injini ndi mphamvu ya oyilo. Onetsetsani kuti madzi oziziritsa akutuluka. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, ndiye kuti mwalowa madzi, zimitsani.

Utsi nawo umalankhula. Wakuda ndi injini yolemedwa kapena yosowa mpweya. Wabuluu ndi oyilo amene akupsa. Woyera wosatha injini itatentha kale ndi dizilo wosapsa bwino kapena madzi.

Tsiku loiyesa mphamvu zonse, amakanika akhale m'botimo. Katundu wake akhale matumba a mchenga olemera ngati amene mumanyamula masiku onse, osati ana a eni. Tsegulani mafuta onse kwa mphindi zochepa, muone ngati ikufika pa rpm yolembedwa pa kachitsulo ka painjini. Tinene kuti palembedwa 3,000 koma yakanirira pa 2,600 uku ikufuka utsi wakuda: mwina pulopela ndi yaikulu, pansi pa boti pamera ndere, kapena mafuta ndi mpweya sizikulowa bwino. Musanamizidwe kuti poti pa 2,400 ikuyenda bwino ndiye basi. Pamenepo imakhala ikugwiritsa ntchito pafupifupi theka chabe la mphamvu zake.

Theka linalo mudzalifuna tsiku limene mwera udzakupezani pakati pa nyanja muli ndi anthu. Pitani mukalankhule ndi amene anakukongozaniwo, muwapemphe masiku ochepa, ndipo majekete opulumutsa moyo asasowe m'boti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo.